Mbaula ya M'mawa ndi Kukhulupirika kwa Mulungu

Kuwerenga: Genesis 8:20-22, Eksodo 16:13-21, Yohane 21:9-13

Ambiri a ife tsiku limayamba mofanana. Kusanache tadzuka, tapemphera, takoleza mbaula, tatereka madzi osamba, tasesa pabwalo. Ana akapita kusukulu, wina alunjika ku msika wa Chisokone ku Kitwe, wina ku Masala ku Ndola, kukaoda tomato ndi repu. Madzulo nsima, kutsuka mbale, pemphero, kugona. Mawa chimodzimodzi. Nthawi zina mtima umafunsa kuti, "Kodi moyo wanga ndi womwewu basi?" Tiyeni tione m'Mawu a Mulungu chitonthozo chimene chili m'zinthu zobwerezabwerezazi.

1. Mulungu ndiye anakhazikitsa nyengo

Nowa anatuluka m'chingalawa dziko lonse limene ankalidziwa litapita ndi madzi. Munda, mudzi, anansi, palibe chimene chinatsala. Taonani zimene Mulungu analonjeza pa nthawi imeneyo: kuti anthu adzabzalabe ndi kukolola, kuti kudzazizira ndi kutentha pa nyengo yake, kuti usiku ukapita kudzacha. Ndi zinthu wamba, koma munthu amene zonse zamuthera amafunitsitsa kumva zimenezi.

Ife a kuno ku Migodi timadziwa kutheredwa. Pamene migodi inagulitsidwa, kuyambira mu 1997 mpaka mu 2000, abambo ambiri anachotsedwa ntchito, ndipo m'makomboni monga Wusakile, Chamboli ndi Mindolo moyo unasintha. Bambo a kunyumba kwathu anali mmodzi wa iwo. Kwa miyezi ingapo ankadzukabe pa ola lopitira ku ntchito, n'kukhala pa bedi ali duu, opanda kolowera. Ine mawu anzeru ndinalibe. Ndinangopitiriza kuwaikira madzi osamba pa nthawi yomwe ija, kuwapatsa tiyi ngakhale wopanda shuga, ndipo tinayamba kuwerenga salmo limodzi m'mawa uliwonse. Patapita zaka anandiuza kuti, "Amake ana, ndinkati ndikamva tsache lanu pabwalo, ndinkadziwa kuti nyumba ikadalipo." Ine ndinkangosesa, osadziwa kuti Ambuye akugwiritsa ntchito tsachelo.

2. Chakudya cha tsiku limodzi

M'chipululu Mulungu akadatha kupatsa Aisrayeli chakudya cha chaka chonse nthawi imodzi. Koma anawapatsa mana m'mawa ndi m'mawa kwa zaka makumi anayi. Amene anabisa ena kuti adye mawa anapeza atagwa mphutsi. Aisrayeli ankatola, kupera ndi kuphika chakudya chomwecho tsiku ndi tsiku, mpaka ena anayamba kunyinyirika nacho. Komatu mana aja ndiwo anali umboni wakuti Yehova sanawaiwale usiku wapitawo.

Mayi, kapaketi ka ufa kamene mwagula lero, kokwanira nsima ya lero lokha, musakanyoze. Ambuye Yesu anatiphunzitsa kupempha chakudya cha tsiku limodzi. Mukamavundula nsima, yamikani. Mphika umene umakutopetsani kutsuka ukunena kuti m'nyumba mwanu mwadyedwa.

3. Miyambo ya pachaka imaphunzitsa ana

Luka 2:41 amatiuza kuti Yosefe ndi Mariya ankapita ku Yerusalemu chaka ndi chaka ku phwando la Paskha. Mwana Yesu anakulira m'banja losunga nyengo. Ndipo pa Eksodo 12:26 Mulungu anadziwiratu kuti ana adzafunsa tanthauzo la mwambowo, makolo n'kupezerapo mpata wofotokoza za chipulumutso.

Nafenso tili ndi kalendala yathu. Kutentha kwa Okutobala kukafika pachimake timadikira mvula ya Novembala, ndipo ikagwa ana amathamangira inswa. Kenaka masuku, bowa ndi mango zimadzaza m'mphepete mwa misewu. Pa Khirisimasi pamakhala mpunga ndi nkhuku, ndipo chaka chatsopano timachilandira ndi mapemphero. Mu Febuluwale ndi Malichi timawotcha chimanga chachiwisi. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi timawothera mbaula tikudya mbatata, a ku Ndola n'kutengera ana ku Trade Fair. Pa nthawi yomweyo basi yochokera kum'mawa imatitulira thumba la nshawa kuchokera kwa agogo ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke, ndipo ku mpingo timapereka zamasika.

Mpingo wathu unayambira ku Magwero mu 1899, ndipo makolo athu anabwera nawo kuno pofunafuna ntchito. Ana ndi adzukulu athu anabadwira kuno, ambiri Chibemba ndicho chili pakamwa, kumudzi sakudziwako bwino. Choncho thumba la nshawa likafika, musangolilowetsa m'chipinda. Khalani nawo pamphasa mukusenda, muwauze amene analima, muwauze za agogo amene ankayenda mtunda wautali kupita ku kalasi, ndipo mupempherere a kumudzi powatchula mayina. Potenga zamasika, mwana anyamuleko dzungu limodzi, adziwe kuti zokolola zili ndi Mwini wake.

4. Chizolowezi si mpulumutsi

Tichenjere, amayi. Zizolowezi zimasweka. Mu 2024 mvula inadula, chimanga chinauma m'minda, ndipo pa 29 Febuluwale boma linalengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anachepa ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri, ufa ndi makala zinakwera mtengo. Mabanja ambiri thumba la kumudzi silinabwere, ife a m'tauni ndi amene tinatumiza thandizo. Komanso alipo pakati pathu amene Khirisimasi imawaliza, chifukwa mpando wa bambo kapena wa mwana uli wopanda munthu.

Ngati chitonthozo chathu chili mu mpunga ndi nshawa, chidzatha pamodzi nazo. Funso loyamba la Katekisma wa Heidelberg, wa mu 1563, limafunsa za chitonthozo chimodzi chokha pamoyo ndi pa imfa, ndipo yankho lake limatilozera kwa Yesu Khristu amene anatigula kuti tikhale ake. Zizolowezi zabwino zili ngati mtsuko. Madzi ake ndi Iyeyo. Mtsuko ukasweka, chitsime chimakhalapobe.

5. Itanani wina ku mbaula yanu

Yesu atauka kwa akufa anapeza ophunzira ake atachezera usiku wonse panyanja osagwira kanthu, Petro ali ndi mlandu mumtima wa kumukana katatu. Ambuye anasonkha moto wa makala pagombe, anaikapo nsomba, anakonza mkate, nawaitana kuti adye. Anayamba wawadyetsa, nkhani ya Petro inabwera pambuyo.

Nayi ntchito yathu ya Chigwirizano. Maliro akatha, anthu amabalalika, ndipo wamasiye amatsala ndi m'mawa umene sadziwa poyambira. Pamenepo ndiye pofunika ife. Mudutsireni popita kumsika. Mugogodereni pa tsiku la Chigwirizano kuti muyendere limodzi, sabata ino ndi yamawa yomwe. Pa Khirisimasi onjezani mbale imodzi ya mwana wamasiye kapena ya gogo wokhala yekha. Mubwerekeni chizolowezi chanu kufikira atapezanso chake.

Tipemphere: Atate wathu wokhulupirika, tikuyamikani chifukwa cha m'mawa uliwonse ndi nyengo iliyonse. Tikhululukireni pamene tanyinyirika ndi ntchito za tsiku ndi tsiku. Tonthozani amene masiku awo asokonekera chifukwa cha imfa, matenda kapena kutha kwa ntchito, ndipo mutitume ife kwa iwo. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.