Alendo akapita, m'mudzi mwatsala chiyani?

Boma likamakamba za ntchito yokopa alendo limakonda kuyamba ndi chiwerengero: alowa angati pa bwalo la ndege la Kamuzu, adutsa angati pa chipata cha Mwanza, ndalama zakunja zabwera zingati. Kuwerenga kotereku n'kosavuta. Chovuta n'kudziwa kuti mlendo akalipira chipinda ku Cape Maclear, ndi zingati zimene zimagona m'mudzi wa Chembe, nanga ndi zingati zimene zimakwera galimoto kubwerera ku Lilongwe kapena kutsidya kwa nyanja. Mwini loji sangatiuze bwino chifukwa nkhaniyo ikumukhudza. Nduna nayo simakhalitsa pampando. Amene angakhale ndi funsoli zaka makumi awiri osatopa nalo ndi mphunzitsi wa ku yunivesite, ndipo kwa ine ulemu wa ntchito yake wagona pamenepa.

Ambiri akamva kuti ku Mzuzu University kuli maphunziro a zokopa alendo, amaganiza za kuyala bedi ndi kuperekera zakudya. Luso limenelo lilipo, amaphunzitsanso ku Malawi Institute of Tourism, ndipo palibe chonyozeka. Koma pali gawo lina lofunsa kuti malo angapirire anthu ochuluka bwanji asanayambe kuwonongeka, ndi kuti woyenera kunena kuti "basi, apa zakwana" ndani.

Ku Cape Maclear nkhaniyi imaoneka ndi maso. Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 UNESCO inaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse chifukwa cha nsomba zake, makamaka mbuna zamawangamawanga zija. Midzi inatsala mkati mwa pakiyo. M'mawa pagombe limodzi pamakhala amayi akutsuka mapoto, usipa uli pathandala, anyamata akuyala ziboliboli, mabwato akudikira kutengera alendo ku chilumba cha Thumbi kukaponyera nkhwazi nsomba. Lamulo limaletsa kusodza pa mtunda wa mamita 100 kuchokera m'mphepete mwa malo a paki, chikhalirecho msodzi ayenera kudyetsa ana. Kenaka pali likodzo. Jay Stauffer ndi anzake anasonyeza m'kafukufuku wawo kuti nsomba zodya nkhono zitachepa chifukwa cha makoka, nkhono zosunga tizilombo ta likodzo zinachuluka m'madzi osaya. Ndiye kuti khoka la msodzi, chimbudzi cha m'mudzi, thanzi la mwana wa ku Chembe ndi phindu la loji zonse zamangidwa pa chingwe chimodzi. Wa zausodzi amaona nsomba, wa zaumoyo amaona odwala, wa zamalonda amaona zipinda zopanda anthu. Wophunzira kayendetsedwe ka malo okopa alendo ndiye amafunika kuziona zonse pamodzi, ndipo sangazione atakhala mu ofesi.

Za Majete timazinyadira, ndipo n'zoyenera. Pomwe African Parks inkayamba kuyendetsa nkhalangoyo mu 2003, nyama zambiri zinali zitatha. Lero muli zipembere, njovu ndi mikango. Komatu mu 2022 njovu 263 zitasamutsidwa ku Liwonde kupita ku Kasungu, anthu okhala m'malire a pakiyo, kuno ndi ku Zambia komwe, anadandaula za minda yowonongedwa ndi abale ophedwa. Nkhani ziwirizi n'zoona zonse, ndipo katswiri amene amangolemba imodzi yokha wasanduka wotsatsa malonda kapena wandale. Vuto n'loti ndalama za kafukufuku kawirikawiri zimachokera kwa mabungwe omwewo amene ntchito yawo ikufufuzidwa. Galimoto yopitira kuthengo ndi yawo, chilolezo cholowera n'chawo. Sikuti onse amauza munthu zoti alembe, ayi, koma wodya kwa eniake amachita manyazi yekha. Yunivesite yofunadi akatswiri olankhula mosaopa iyenera kupatula kandalama kakekake ka kafukufuku, ngakhale kochepa.

Chinanso chimene chimandivuta ndi momwe mphunzitsi amakwezedwera pantchito. Amamuwerengera zimene wasindikiza m'magazini a akatswiri, m'Chingerezi, ambiri mwa iwo akunja ndi olipira kuti uwerenge. Amayi amene anasiya kugaula kuti ayankhe mafunso ake samvanso kanthu. N'chifukwa chake m'midzi ina yozungulira mapaki anthu akaona munthu wanyamula mapepala a mafunso amangoyankha zoti achoke msanga. Kodi chingalephereke n'chiyani kuti wofufuza abwerere pabwalo la amfumu, afotokoze m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka zimene anapeza, anthu amutsutse pamaso? Ntchito imeneyo iyenera kuwerengedwa pokweza munthu monga momwe amawerengera pepala.

Ena amati dziko losauka ngati lathu lisamachulutse mafunso, alendo abwere kaye, zosamalira malo tidzaziona pambuyo. Ndikumva chimene akunena, makamaka ndikaganiza za achinyamata amene amamaliza maphunzirowa n'kumakhala pakhomo. Koma mkungudza wa pa phiri la Mulanje unatsala pang'ono kutheratu anthu akuti tidzaona mawa, ndipo mtengo umenewu sukula msanga. Wophunzira amene wangophunzitsidwa kudzaza zipinda adzadzaza zipinda mpaka gombe litanunkha.

Mu 2025 UNESCO inaika phiri la Mulanje m'kaundula yemwe uja muli Lake Malawi National Park ndi zojambula za m'mapanga a Chongoni. Alendo akhoza kuchuluka. Ino ndiye nthawi yoti mphunzitsi atenge ophunzira ake apite ku Likhubula, akalembe kuti onyamula katundu akulandira zingati pa ulendo wa ku Sapitwa, njira zakokoloka pati, nkhuni zophikira m'nyumba za paphiri zikuchokera kuti, ndi malo ati amene eni dera amawalemekeza ndipo safuna kuti ajambulidwe. Zikapanda kulembedwa panopa, podzafika 2035 aliyense azidzangonena zake, ndipo sipadzakhala poyerekezera.