Mapanga awiri avumbwitsa: za mlembi wopanda abwana

Mvula ya m'mapiri sichenjeza. Anthu amene ankasaka nyama kapena kudula nsungwi m'mapiri ankadziwa kuti kumwamba kukangoti bii, chofunika n'kupeza phanga msanga. Mwambi wakuti mapanga awiri avumbwitsa umanena za munthu amene mwayi unamuchulukira, pakuti anaona phanga kumanja n'kuonanso lina kumanzere. Atathamangira loyamba anaganiza kuti mwina lachiwirilo n'lotakasuka, ndipo atayandikira lachiwirilo anakumbukira kuti loyamba lija lili pafupi ndi njira ya kumudzi. Mvula inamuthera m'thupi ali pakati, pamene mnzake amene anaona phanga limodzi lokha, lopanikiza ndi lonunkha mileme, anafika kwawo zovala zili zouma. Akuluakulu amakonda kuponyera mwambiwu mnyamata wa zibwenzi ziwiri, kapena munthu amene masana ali kutchalitchi koma usiku ali kwa sing'anga. Ena amausokoneza ndi wa pusi amene anagwa chagada poti ichi chakoma ichi chakoma, koma miyambi iwiriyi sinena za matenda amodzi. Pusi anagwa chifukwa cha dyera. Wa mapanga awiri sanali wadyera ayi, anali wamantha: ankaopa kuti akalowa kumodzi ataya kwinako. Mantha amenewa ndiwo ndikufuna tiwaone pa moyo wa mlembi woyima payekha.

Alipo anthu m'dziko muno amene amadya za cholembera koma dzina lawo silipezeka pa mndandanda wa malipiro a kampani iliyonse. Amatumiza nkhani ku nyuzipepala, amalembera malipoti mabungwe omwe si aboma, amamasulira zikalata kuchoka m'Chingerezi, amalemba masewero a pa wailesi, amakonza mabuku a anzawo. Wolembedwa ntchito ali ndi zomuteteza: lamulo la ntchito la mu 2000 limamupatsa tchuthi cha masiku 18 pa chaka ngati amagwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndipo lamulo la penshoni limalamula abwana kumuikira 10 peresenti ya malipiro ake, iye n'kuwonjezerapo 5. Mlembi wathuyu zonsezi alibe, ndipo amadziwa kuti alibe. Chimene ambiri sachiwerengera n'chakuti alibenso ola loweruka. Wapantchito safunika kusankha phanga tsiku ndi tsiku, chifukwa wotchi ya kuofesi imamusankhira: m'mawa ndi wa abwana, madzulo ndi wa banja lake. Mlembi woyima payekha anagula ufulu wake potaya wotchi imeneyo, ndipo kusankha konse kunamutsalira m'manja, ola lililonse, Lamlungu lomwe.

Mapanga ake ndi atatu, ntchito, banja ndi ulendo, ndipo palibe limene angaligumule. Mfundo yanga ndi yakuti kuchuluka kwa mapangawo sindiko kumamuvumbwitsa, koma nthawi imene amathera pakati pawo. Tamuonani madzulo. Nsima ili pa tebulo, mwana wabwera ndi kope la masamu kuti amuthandize, foni yalira: mkonzi akufunsa pa WhatsApp kuti nkhani ija ili pati. Amayankha kuti ikubwera posachedwa, amayang'ana samu ya mwana ndi diso limodzi, amatema mbamu ndi dzanja lamanja kwinaku chala chakumanzere chikukonza chiganizo pa foni. Pakutha pa ola nsima yazizira, mwana wapita kukagona ndi yankho lolakwika, ndipo nkhani yawonjezekera mizere itatu imene mawa adzaifafaniza. Mawa lakelo ali mu minibasi pa Wenela kudikira kuti idzaze, laputopu ili pa mawondo, chigongono cha mnzake chili m'nthiti, akudzinamiza kuti akugwira ntchito. Akafika kumene akupita, gogo amene wamupatsa mpando kuti amufotokozere za madzi osefukira amalankhula ndi munthu amene maganizo ake ali pa fizi imene sinalipidwe. Banja limadandaula kuti amakonda ntchito, mkonzi amadandaula kuti amachedwa, ndipo onse akunena zoona, chifukwa sanali kwa aliyense wa iwo. Foni yam'manja inaipitsa zinthu kwambiri pamenepa, pakuti inachititsa kuti munthu azitha kukhala pakatipo tsiku lonse osazindikira.

Wina anena kuti mwambiwu sukuyenera munthu wa ntchito yotereyi, chifukwa mlembi wodalira nyuzipepala imodzi kapena bungwe limodzi ndiye ali pangozi yeniyeni. Mawu amenewa ali ndi mutu. Mkonzi akasinthidwa, wobwerayo amakhala ndi alembi ake. Pulojekiti ikatha, malipoti amatha nayo limodzi. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, amene anali atapangana mtengo wa ntchito miyezi ingapo m'mbuyomo analandira ndalama zosagula zimene ankayembekeza, ndipo wokhala ndi omulipira angapo ndiye anali ndi popumira. Koma mwambiwu sunatukwane phiri chifukwa chokhala ndi mapanga awiri, ndiponso kudziwa mapanga ambiri ndi nzeru ya mlenje aliyense. Cholakwa chili pa nthawi yosankhira. Kukhala ndi akonzi anayi n'kwabwino. Kulonjeza onse anayiwo kuti alandira nkhani Lachisanu lomwelo ndiko kuvumbwa. Mlembi amavomera zonsezo osati chifukwa sadziwa kuwerenga masiku, koma chifukwa amaopa kuti akakana kamodzi sadzamuimbiranso. Chodabwitsa n'chakuti mkonzi amakhululukira msanga munthu amene wanena poyera Lolemba kuti sabata ino sangathe, kusiyana ndi amene wavomera n'kuzimitsa foni Lachisanu tsamba likudikira.

Mbiri ya alembi imachitira umboni zomwezi. Kwathu kuno ambiri mwa amene anatisiyira mabuku sankadya za mabukuwo. Samuel Josia Ntara, amene buku lake lotchedwa Nthondo linatuluka mu 1933, anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo Steve Chimombo anaphunzitsa zaka zambiri ku Chancellor College. Kunja n'chimodzimodzi. Toni Morrison anali mkonzi ku Random House akulera yekha ana aamuna awiri, ndipo ankalemba mbandakucha anawo asanadzuke; buku lake loyamba linatuluka mu 1970. Anthony Trollope, amene ankagwira ntchito ya positi ku Britain, ankakhala pa tebulo hafu koloko itadutsa 5 m'mawa wotchi ili patsogolo, n'kumadzilamula kulemba mawu 250 pa mphindi 15 zilizonse. Anthu amenewa anali ndi zochita zambiri kuposa mlembi wathu, popeza analinso ndi abwana. Chimene Morrison ndi Trollope anachita n'kudulira kulemba malire ake pasadakhale, kotero kuti ola limenelo likakwana panalibenso zoganizaganiza. Trollope ankalembanso m'sitima yapamtunda, koma tisathamangire kumutsanzira mu minibasi yokhala anayi pa mpando. Tisaiwalenso kuti anali ndi wantchito womudzutsa ndi khofi.

Wantchito ameneyo akutifikitsa pa nkhani imene alembi aamuna amaidumpha. Malire a nthawi sadulidwa ndi munthu mmodzi m'nyumba ya anthu asanu ndi mmodzi. Bambo akatseka chitseko kuti alembe, ana amauzidwa kuti asasokose. Mayi akatseka chitseko chomwecho, amagogoderedwa kuti mchere uli pati. Buchi Emecheta wa ku Nigeria analemba mabuku ake oyamba ku London akulera yekha ana asanu, atasiyana ndi mwamuna amene anatentha zolemba zake zoyambirira. Si mwamuna aliyense amatentha mapepala, koma alipo ambiri amene amatentha maola a akazi awo posafuna kusambitsa mwana kapena kuteleka mphika. Pamwamba pa zimenezi pali abale ndi anansi, amene kwa iwo munthu wopezeka panyumba masana ndi lova. Ndiye amene amatumidwa kukaima pa mzere ku banki, kukalandira katundu ku depoti, kukadikirira wodwala kuchipatala, poti ena onse ali kuntchito. Mlembi amene sanakhale pansi ndi a m'nyumba mwake kuwafotokozera kuti kuyambira 8 koloko mpaka 1 koloko iye ali kuntchito ngakhale akuoneka pa khonde, asadandaule akamamuyesa wopanda chochita. Ndipo akapempha maola amenewo, abwezenso ngongole yake: madzulo foni ikhale kuchipinda.

Apa pali chotsutsa china chimene sindingachipeputse, chakuti moyo wathu sulola ndondomeko. Maliro sapangana ndi munthu, ndipo amene wajomba maliro a pamudzi chifukwa cha nkhani ya m'nyuzipepala adzaona yekha tsiku lake likadzafika. Magetsi nawo amathima pamene afunira. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo anthu ambiri ogwirira ntchito panyumba ankagona masana n'kumadzuka usiku magetsi akayaka. Zonsezi n'zoona, koma zikuthandiza mfundo yanga m'malo moigwetsa. Popeza zadzidzidzi kwathu kuno si zachilendo, mlembi wodzaza sabata yake mpaka pakamwa walakwitsa kale masamu. Wopangana masiku khumi pa ntchito ya masiku asanu ndi awiri amatha kupita kumaliro, kugona kusiwa, kuperekeza mnzake kumanda ndi mtima wonse. Wopangana masiku asanu ndi awiri enieniwo ndiye uja timamuona kuseri kwa nyumba ya siwa akunong'oneza foni nyimbo zili mkati, kumaliro kulibe, kuntchito kulibe.

Za ulendo ndiye zimanyenga kwambiri, chifukwa kuyenda kumaoneka ngati phindu la ntchitoyi. Nkhani yabwino sipezeka pa intaneti. Imafuna kuti munthu aponde fumbi la ku Nsanje kapena akwere phiri la ku Livingstonia. Koma ulendo uli ndi mtengo umene suoneka pa tikiti. Kuchoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe ndi makilomita oposa 300, ndipo kukacheza ndi munthu kwa ola limodzi kumadya tsiku lopita ndi tsiku lobwerera, osawerengera tsiku lachitatu limene thupi limakana kukhala pa mpando. Wodalira Ilala popita ku Likoma ayenera kudziwa kuti sitimayo imazungulira nyanja kamodzi pa sabata. Mlembi wanzeru amawerengera masiku onsewa pa mtengo wa nkhaniyo, ndipo amayesetsa kuti ulendo umodzi ubale nkhani zingapo. Ali paulendopo ntchito yake ndi kuona, kumva ndi kulemba manotsi. Kulumikiza ziganizo kudikire kunyumba. Legson Kayira ananyamuka wapansi kuchoka ku Nyasaland mu 1958 kukafuna maphunziro, anafika ku Khartoum patapita zaka ziwiri, ndipo buku lofotokoza ulendowo, I Will Try, linatuluka mu 1965, ulendowo utatha kale.

Palinso mtundu wina wa mapanga awiri umene ulendo umabweretsa, ndipo atolankhani amaudziwa bwino. Bungwe likupita kukaonetsa zitsime zimene lakumba, lapereka galimoto, malo ogona kunyanja ndi ka envelopu ka chipondamthengo. Mlembi wopanda ndalama yoyendera amakwera. Akafika amapeza kuti zitsime zina zinaphwa kalekale, ndipo amayi akumeneko amuuza zimenezo pamaso. Pobwerera amafuna kukondweretsa owerenga, amafunanso kuti adzamuitane ulendo wotsatira, ndiye amalemba nkhani yofunda, yosanena bodza koma yosanenanso zoona. Kulembera bungwe lipoti ndi ntchito yolemekezeka, ndipo kutolera nkhani n'kolemekezekanso, koma munthu asankhe asanakwere galimotoyo kuti akupita ngati ndani.

Chotsutsa cholemera kuposa zonse n'chakuti kukana ntchito ndi mwayi wa okhuta. Munthu amene lendi yakwana ndipo ufa watha sangauze mkonzi kuti sabata ino ayi. Pamenepa ndikuvomera theka. Mlembi wongoyamba kumene adzavumbwa ndithu, ndipo palibe mwambi ungamuletse. Koma tikafunsa chifukwa chimene ngakhale alembi odziwika amalandirira ntchito yoposa mphamvu zawo, yankho nthawi zambiri si kuchepa kwa ntchito koma kuchedwa kwa malipiro. Nkhani inatuluka, invoisi inaperekedwa, ndipo yankho ndi lija lakuti cheke chikudikira kusainidwa. Munthu wosadziwa tsiku limene ndalama yake idzalowe sangayerekeze kukana chilichonse, choncho amavomera zonse, amachedwetsa zonse, ndipo omulemba ntchito omwewo ndiwo amayamba kudandaula kuti alembi a masiku ano salongosoka.

Choncho inu akonzi ndi akuluakulu a mabungwe amene mumatuma anthu awa, pamene mukutchula tsiku loti nkhani ifike, tchulaninso tsiku loti ndalama ifike, mulilembe, ndipo mulisunge. Masiku ano Airtel Money ndi Mpamba zilipo. Kulipira mlembi sikufunanso kuti achite kukwera minibasi kudzakhala pa benchi ya kuofesi kwanu.