Mphasa Imodzi, Mitima Yosiyana

Kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka kuli makomboni awiri ogundana malire, Mtendere ndi Kalikiliki. Dzina laciwirili silinama, pakuti tambala asanalire amai ali kale pa mzere wa madzi, anyamata aitanira mabasi, ndipo usiku nyimbo za m'mabala zilowa m'cipinda ca lendi mogona banja lonse. Ku Kabulonga, pafupi pomwepo, bata ligulidwa ndi mpanda wa njerwa. Koma munthu wa m'komboni sangalipeze yekha; ayenera kupangana ndi anzace kuti akhale cete onse pamodzi. Tsono pabuka funso lakale: kodi anthu osiyana cipembedzo, mtundu ndi cuma angakhale cete pa mphasa imodzi, wamkuru osameza wamng'ono?

Otsata Buddha analimbana nalo funsoli kuyambira kalekale. Siddhartha Gautama, amene anakhala kumpoto kwa India zaka zoposa 2,400 zapitazo, anaphunzitsa njira yooneka yapafupi koma yobvuta kuicita. Munthu akhala tsonga, naika mtima pa mpweya wace polowa ndi potuluka. Posacedwa maganizo athawira ku ngongole kapena ku mau owawa a dzulo. Iye angowaona, osawathamangira, osadzidzudzula, nabwerera ku mpweya. Wocita ici masiku ambiri ayamba kuzindikira mkwiyo ukali kutali, usanafike pa lilime.

Koma Buddha sanasiye ophunzira ace aliyense pansi pa mtengo wace. Anawasonkhanitsa m'gulu lochedwa Sangha, m'dziko limene kubadwa kwa munthu kunalamula amene angadye naye. Mabuku ao asimba za Upali, wometa tsitsi wa ana a mafumu a mtundu wa Sakya. Pamene ambuye ace anapita kukalowa m'gululo, iye anawatsata, ndipo iwo anapempha kuti wometayo alandiridwe poyamba. Popeza ukuru m'gululo uwerengedwa ndi tsiku lolowa, ana a mafumu aja anagwadira wanchito wao masiku onse otsala. Za akazi nkhani siiwala cotero ai. Mahapajapati, amai ace ang'ono amene anamlera Buddha, anapempha katatu nakanidwa, ndipo atalandiridwa, akazi anapatsidwa malamulo olemera koposa a amuna. Khomo linatseguka, koma mokokakoka.

M'masiku ano njirayi yaturuka m'nyumba za amonke. Mu 1979 Jon Kabat-Zinn anayamba kuiphunzitsa kwa odwala pa University of Massachusetts, m'maphunziro a masabata 8 opanda pemphero lililonse. Mu 1982 Thich Nhat Hanh, mmonke wa ku Vietnam, anakhazikitsa Plum Village ku France, kumene Akristu, Ayuda ndi osapembedza akhala cete pamodzi, wosaumirizidwa ndi mmodzi yemwe kusiya cikhulupiriro cace.

Mkristu wa ku Zambia, dziko limene Frederick Chiluba analilengeza kukhala la Cikristu mu 1991, akhoza kucita mantha, ndipo mantha ace sayenera kusekedwa. Kuyang'anira mpweya sindiko kupemphera, pakuti pemphero lili ndi Womva. Wonena kuti ziwirizi ndi cimodzi anamiza mbali zonse ziwiri. Komabe kukhala cete ndi wa cipembedzo cina si cacilendo ku Kalikiliki. Pa nyumba ya maliro, nyimbo zikatha pakati pa usiku, amai a Katolika, a Reformed ndi a Cisilamu akhala pansi ndi wofedwa, miyendo yotambalala, popanda wofunsa mnzace kalata ya ubatizo. Cimene ciwasunga pamenepo ndico cakuti aliyense anadza ndi mapazi ace, ndipo kukaca abwerera kwao wosalandidwa kanthu.

Ufulu wakudza ndi wakucokawu uyesedwa kwambiri pamene mphasa iyalidwa pafupi ndi nkhokwe. Hui Li, mmonke wa ku Taiwan, anafika ku South Africa mu 1992 kudzayamba kacisi wa Nan Hua ku Bronkhorstspruit, ndipo pambuyo pace anatsegula Amitofo Care Centre pafupi ndi Blantyre ku Malawi, nthawi imene Edzi inasiya ana amasiye ambirimbiri. Kumeneko ana apeza cakudya, pogona ndi sukulu, zinthu zimene wokhuta yekha angazipeputse. Adzukanso m'mbandakuca kukalowa m'kacisi, aphunzira Cichaina ndi kung fu, ndipo nyama sadya. Osamalawo acita nchito imene ambiri odzudzula sanaicite. Koma Upali anali munthu wamkuru wodzisankhira yekha, pamene mwana wamasiye afikitsidwa ndi imfa ya makolo, ndipo sadziwa kuti belu la m'kacisi ndi belu la cakudya ndi mabelu awiri.

Mu 2019 Nicole Schafer wa ku South Africa anaturutsa kanema wochedwa Buddha in Africa, wojambulidwa pa malo omwewo. Asonyeza mnyamata wocokera m'banja la Ciyao la Cisilamu, woleredwa kumeneko kuyambira ali wamng'ono, wodziwa kung fu koposa anzace, amene pomaliza sukulu anayenera kusankha pakati pa maphunziro a ku Taiwan ndi mudzi wa abale ace, kumene cinenero ca makolo cinali citayamba kumlemera pakamwa.