Nazale Imathiriridwa M'mawa ndi Madzulo



Kuno ku Chamama palibe mlimi amene amadikira mvula kuti ayambe fodya. Mu Seputembala, dzuwa likuswa mtengo, nazale zimakhala zitakonzedwa kale kudambo. Mbewu yake ndi yaing'ono ngati fumbi, moti timachita kuisakaniza ndi madzi m'kheni kuti ifesedwe bwino. Kuyambira tsiku limenelo timathirira m'mawa ndi madzulo osadumphitsa, ndipo kukagwa maliro m'mudzi timatuma mwana. Belo limene lidzalowe ku okushoni ya Chinkhoma mu Epulo kapena Meyi limayambira pa kheni imeneyi. (Tikudziwa kuti 'Abdu'l-Bahá sanakondwere ndi kusuta fodya, ndipo ena mwa ife tayamba kale kuyesa soya ndi mtedza. Imeneyo tidzakambirana tsiku lina.)

Luso loyika cholinga ndi kuchitsata tili nalo ndithu, koma tikafika pa moyo wathu wa uzimu timalisiya kumunda. Pa Naw-Rúz, titangomaliza kusala kwa masiku 19, mitima ili yofewa, timalonjeza kuti chaka chino tikhala anthu abwino, tisiya mkwiyo, tisamala banja. Ndi mawu okoma, koma alibe pothirira. Dzuwa likalowa, munthu angadziwe bwanji kuti lero wakhala wabwino?

M'buku la Mawu Obisika, limene linavumbulutsidwa ku Baghdad cha m'ma 1858, Bahá'u'lláh amatilangiza kuti tizidziwerengera tokha ntchito zathu tsiku lililonse, imfa isanatidzidzimutse. Kuti munthu adziwerengere pamafunika chinthu chowerengeka. Taonani malamulo amene anatipatsa. Pemphero lokakamizidwa lalifupi lili ndi nthawi yake, kuyambira masana mpaka kulowa kwa dzuwa. Alláh-u-Abhá timanena ka 95 pa tsiku. Mawu a Mulungu timawerenga m'mawa ndi madzulo, ndipo mu Kitáb-i-Aqdas akutiuza kuti kuwerenga pang'ono mokondwa kumaposa kuwerenga zambiri titalema. Pa zonsezi yankho la madzulo ndi inde kapena ayi, palibe pobisala.

Chitsanzo tili nacho pafupi. William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, kwa Wimbe, anasiya sukulu ya sekondale ya Kachokolo chifukwa njala ya 2001 ndi 2002 inasiya makolo ake opanda ndalama ya fizi. Iye sanayambe ndi maloto oyatsa dziko lonse. Anafuna kuti m'chipinda chake muyake babu. Anabwereka buku m'kalaibulale ka pasukulu ya pulayimale ya Wimbe, n'kumatola zitsulo zotayidwa: fani ya thirakitala, njinga yakufa ya bambo ake, dayinamo, ndi mitengo ya bulugamu yomangira nsanja. Anthu ankati wazungulira mutu. Babu linayaka ali ndi zaka 14, ndipo zina zonse, mpaka kumaliza maphunziro ku Dartmouth College mu 2014, zinadza pambuyo pa babulo.

Tsono nkhani imene imatipweteka kwambiri ndi ya ndalama za fodya. Zimabwera kamodzi pa chaka, ndipo tonse tawaonapo abambo amene amatsika galimoto pamsika ndi thumba lodzaza n'kukafika kunyumba patapita sabata. Mayi amene anasoka fodya m'chigafa mpaka zala kuda, ndi ana amene anajomba kusukulu posankha masamba, sauzidwa n'komwe kuti mabelo anagulidwa pa mtengo wanji. Pofika Febuluwale banja lomwelo lili pa ganyu m'munda wa eni, lawo ukumera tchire. Ifeyo mowa tinaletsedwa, komabe tisadzinamize kuti tapulumuka. Ndalama imatha ndi foni yatsopano, ngongole za katapila, ndi manyazi okana achibale.

Cholinga cha ndalama chiyikidwe ndalamayo isanafike m'manja. Mwamuna ndi mkazi akhale pansi fodya adakali m'chigafa, apemphere, akambirane monga timachitira pa msonkhano wathu, aliyense anene maganizo ake momasuka. Alembe pa pepala: matumba angati a chimanga oti atifikitse ku zokolola zina, fizi ya materemu atatu, feteleza, malipiro a tenanti ngati tili naye, ndi chopereka cha ku thumba la Chipembedzo. Malipiro a tenanti asaikidwe kumapeto. Munthu amene wagwira ntchito chaka chathunthu m'munda mwathu n'kubwerera kwawo chimanjamanja adzatiimba mlandu pamaso pa Mulungu, ngakhale titapemphera mokweza chotani.

Ndipo tikalephera? Gulu lathu lomwe lino linapangana kumaliza Buku Loyamba la Ruhi mvula isanagwe. Kuwokera kutayamba mu Disembala tinabalalika, ndipo tinadzakumananso m'nyengo yokolola, aliyense akuyang'ana pansi. Tinaphunzirapo kuti tinayika cholinga osayang'ana kalendala ya kumunda. Kalendala yathu ya Chibahá'í imatichitira chifundo pamenepa: miyezi ndi 19, uliwonse wa masiku 19. Munthu sadikira chaka kuti ayambirenso. Phwando lililonse ndi mpata woona pamene pafota mbande, n'kupakiza.

Tisanabalalike lero, aliyense asankhe chinthu chimodzi chokha choti achite kufikira Phwando likudzali, choti madzulo alionse angayankhe inde kapena ayi. Wina adzati ndiwerenga ndime imodzi ndisanapite kudambo. Wina adzati pakatchulidwa munthu amene palibe, ine ndikhala chete kapena ndinena chabwino chake. Wina adzamuonetsa mkazi wake pepala la ku okushoni. Auzeko mnzake mmodzi wa m'gulu lino, woti pa Phwando adzamufunse pambali mmene zayendera. Amene sadziwa kulemba atenge nthanga 19 za chimanga, tsiku limene wakwanitsa aziponya imodzi m'kabotolo.