Nkhotakota, doko la mpunga ndi magoli

Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mwambiwu timautchula poyamika alendo, koma amene anatisiyira ankadziwa kuti kalumo kometa bwino lero kakhoza kukutema mawa. Anthu a ku Nkhotakota safuna wowamasulira zimenezi.

Tiyambe taona malo ake, chifukwa mbiri ya mudziwu inalembedwa ndi mchenga. Gombe la kuzambwe kwa nyanja ya Malawi n'lotseguka m'malo ambiri, ndipo mwera ukayamba kuwomba m'miyezi yozizira bwato limasowa pobisala. Pa Nkhotakota pali mchenga wa Sungu umene unalowa m'nyanja ngati mkono wopindika, n'kutchinga mafunde, kusiya madzi odekha kuseri kwake. Kumtunda kuli madambo achonde. Chakumwera kuli nyanja yaing'ono ya Chia, chakumpoto mtsinje wa Bua umatsika kuchokera ku zigwa za Mchinji ndi Kasungu. Pa Mawira madzi amatumphuka pansi ali otentha kale. Achewa a kwa Malengachanzi anali pamenepa, akupha nsomba ndi kulima, doko lawo lisanadziwike kutali.

Cha m'ma 1840 kunatulukira Mswahili, Salim bin Abdallah, amene anayambitsa ufumu wa a Jumbe. Anabwera ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Ankafuna minyanga ya njovu ndi anthu. Zombo zake zamathanga zinkawolotsa akapolo kupita tsidya la kuvuma, ndipo kuchokera kumeneko unali ulendo wapansi wa miyezi, goli lili m'khosi, mpaka ku Kilwa. Ambiri ankatsala m'njira. Komatu mlendo yemweyo ndi anthu ake ndi amene anafalitsa ulimi wa mpunga m'madambo amenewa, anaimika mzikiti, anasiya luso lokhoma zombo. Mpunga wonunkhira umene mumaugula m'mbali mwa msewu wa M5 uli ndi agogo ake, ndipo agogowo manja awo sanali oyera.

Pano ndisapite m'mbali. Timakonda kunena ngati Jumbe ankagwira yekha anthu zikwizikwi. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo sichimanganso goli. Panali mafumu athu amene ankasinthanitsa anthu ndi nsalu, panali ena amene ankathawira ku linga la Jumbe poopa nkhondo ya Angoni, n'kudzipeza akumutumikira. Mudzi unakula ndi mantha omwewo: wothawa mkondo ankabisala kwa mwini mfuti. N'chifukwa chake dzina la Linga silinafe mpaka lero.

David Livingstone anafika kuno mu 1861, nabweranso mu 1863. Mkuyu umene amati anakhalira pansi pake pokambirana za ukapolo amauonetsabe alendo pafupi ndi chipatala cha St Anne's. Mawu ake sanaimitse chombo n'chimodzi chomwe; malonda anapitirira zaka zina makumi atatu. Mu 1889 Mngerezi Harry Johnston anapangana pangano ndi Jumbe wa nthawiyo, ndipo m'zaka za m'ma 1890 Angerezi anachotsa Jumbe womaliza n'kumutumiza ku Zanzibar. Amishoni a UMCA anakhazikika mu 1894. Chaka chotsatira Bishopu Chauncy Maples anamira panyanja namondwe atagudubuza bwato lake, ndipo anaikidwa konkuno, m'tchalitchi cha All Saints. Kuyambira pamenepo belu la tchalitchi ndi kuitana kwa kumzikiti zakhala zikumveka m'mudzi umodzi, Akhristu ndi Asilamu akugulira usipa pa msika umodzi. Ena amaiwalanso kuti mu 1960 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unachitikira pano, pamene Dr Kamuzu Banda anapatsidwa utsogoleri wamuyaya wa chipanicho. Kalumo kenanso kameneko, koma ndi nkhani ya tsiku lina.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 28,000 m'tauni mokha, ndipo boma lonse linayandikira 400,000. Achewa alipo, Atonga chakumpoto alipo, Ayao alipo, ndiponso amene anabwera kudzadula nzimbe ku Dwangwa n'kukwatira konko. Anthu achuluka, nyanja ndi yomwe ija.

Apa ndiye pagona nkhawa yanga. Pitani kugombe madzulo mwezi ukakhala mumdima, mudzaona nyali zikuyenda pamadzi. Siginala, wonyamula nyali, amatsogola ndi bwato lake, kuwala kumaitana usipa, anzake amazinga ndi ukonde wa chilimira n'kukoka. M'mawa amayi amayanika pa thandala, ogula ochokera ku Lilongwe ndi ku Kasungu ali chilili ndi mabeseni. Ntchito yake n'njosiririka, ndipo yaphunzitsa ana ambiri sukulu. Koma funsani msodzi wa imvi kuti ntchila anaiona liti komaliza, adzayamba wakanda kumutu. Chambo chimene kale chinali ndiwo ya aliyense lero chimadyedwa ndi wa ndalama. Mpasa, nsomba yokwera Bua nthawi ya mvula kukaswa, imakumana ndi maukonde pakamwa pa mtsinje isanataye dzira n'limodzi lomwe. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Choipitsitsa ndi neti ya udzudzu. Anaipereka kuti mwana asadwale malungo, bambo wake waisoka kukhala khoka, ndipo maso ake aang'onowo salola kanthu kudutsa, ngakhale tiana ta chambo tosakwana chala. Sindimuda bambo ameneyu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mwana akulira njala lero, chambo cha chaka chamawa n'cha pamphepo. Koma amene timamudzudzula ndi wa neti yekha, pamene mwini maboti a injini amene akukokolola pafupi ndi gombe timamupatsa moni wogwada.

Kumtunda zinthu zinayenda mwina. Nkhalango ya Nkhotakota itatsala pang'ono kutha njovu, bungwe la African Parks linaitenga mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 anasamutsira kumeneko njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete, pa malole. Njovu mungainyamule. Mpasa simungaikweze lole. Iyenera kukwera yokha mtsinje wa makolo ake, chifukwa madzi saiwala khwawa ndipo nsomba siiwala koswera.

Lamulo lotseka nyanja mu Novembala ndi Disembala lilipo, makomiti a m'magombe aliponso. Kumene mfumu yaimirira nawo, maukonde oletsedwa amalandidwa n'kutenthedwa poyera. Kumene wapampando wa komiti ndi mlamu wa mwini khoka, amangolemba kuti zonse zili bwino, usiku bwato n'kupita.