Mlandu wa Nyenyezi Ziŵiri

Usiku wina mu Meyi 1866, John Birmingham wa ku Ireland adaona nyenyezi yoŵala pamalo pomwe dzulo lake padalibe kanthu kooneka ndi maso. Patangopita masiku oŵerengeka idazimiririka. Mu 1946 idabukanso. Dzina lake ndi T Coronae Borealis.

Akatswiri adapeza kuti pamenepo pali nyenyezi ziŵiri zozungulirana pa masiku 228 alionse. Ina ndi yaikulu, yofiira, yotupa ndi ukalamba. Inzake ndi yaing'ono, yoyera, moto wake udatha kale, koma njolemera koopsa. Yaing'onoyo imakoka mpweya wa haidrojeni kuchokera kwa yaikulu, ndipo mpweyawo umaunjikana pamwamba pake, kupanikizana ndi kutentha, kufikira tsiku lomwe wonse uyaka nthaŵi imodzi. Ikatero siifa ai, imayambanso kuunjika. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Tsono funso langa nali: kodi kuphulikako kudayamba liti? Katswiri ukamfunsa za 1946 amayamba kuŵerenga kuchokera mu 1866, pakuti usiku umodziwo ndi chipatso cha zaka 80 za chete. Koma ife, munthu wofatsa akabuka ndi ukali pabwalo, timaweruza tsiku lomwelo. Timafunsa kuti adatukwana yani, adaswa chiani. Sitifunsa kuti ndani ankamsenzetsa mwano ndi ngongole zaka zonsezo iye ali duu, ife tikumtama kuti ngwaulemu.

Wina anganene kuti, ngati nditero, palibe wolakwa, poti aliyense ali nako komwe mtolo wake udachokera. Apa mpomwe fanizo lithera. Nyenyezi ilibe pakamwa poti ikane, ndipo inzakeyo ilibe maso oti ione kuti yathira mopyola. Munthu ali nazo zonse ziŵiri. Kudziŵa gwero la ukali sikufafaniza mlandu wa wobukayo; kumangoitanira kubwaloko enanso amene adakhala kumbuyo ngati mboni, chonsecho mtolo adamanga ndi iwo.

Ambiri adayembekeza kuti nyenyeziyi ibukanso mu 2024, koma chakacho chidatha kuli zii. Gwero akulidziŵa, tsiku adaliphonya. Nyenyezi ingodikiridwa basi, pakuti palibe dzanja lofika kumeneko. Koma mnzathu wofatsa uja timadya naye mbale imodzi. Kodi tidikire kuti abuke, kapena timfunse lero chimene wasenza?