Kodi Ubale Uli m'Magazi Mokha?

M'chaka cha 1856 anthu okumba miyala m'chigwa cha Neander ku Germany adafukula mafupa a munthu wamakedzana, wa mphumi yotsika ndi mafupa okhuthala. Kwa zaka zambiri anzeru a ku Ulaya ankamuyesa wofanana ndi chirombo. Koma m'chaka cha 2010 Svante Pääbo ndi anzache adapima DNA, ndiye kuti cholowa cha m'thupi chimene mwana atenga kwa makolo ache, napeza kuti anthu aja, ochedwa Neanderthal, adakwatirana ndi makolo a anthu a lero. Mzungu ndi Mmwenye yemwe ali ndi gawo limodzi kapena awiri mwa magawo 100 a cholowa chao. Akuluakulu adanenadi zoona kuti chibale ndi fupa, sichiola.

M'dziko la Achewa nkhani ili mwina. Ku Mitundu ndi ku Nathenje, monga kwina konse kwa Achewa, okalamba asimba za Akafula, anthu aafupi osaka nyama, amene adasiya zithunzi zofiira m'mapanga a Chongoni ku Dedza. M'chaka cha 2017 anzeru adapima mafupa akale a ku Chencherere, ku Hora ndi ku Fingira, naona kuti cholowa cha osaka aja sichioneka mwa Amalawi a lero amene adapimidwa.

Nanga tsono mbale ndani? Ubale ukadayesedwa ndi magazi okha, Kafula akadakhala mlendo m'dziko limene adayamba kuliponda ndi iye. Papa Pius XII, m'kalata yache ya 1950 yochedwa Humani Generis, adalola kuti anzeru afufuze chiyambi cha thupi la munthu, koma adaphunzitsa kuti mzimu wa munthu ali yense aulenga ndi Mulungu mwini. Ulemu wa munthu wagona pamenepo, osati pa mfunda kapena pa mtundu ai.

Chifukwa chache Mkhristu amene alanda munda wa mkamwini tsiku lomwe aika mkazi wache m'manda, kapena amene amana malipiro wanchito wa m'munda wa fodya poti ndi wobwera, alakwira Mlengi wa onse awiri. Aphunzitsi a katekisimu asatope kukumbutsa mipingo yao kuti pa tsiku lachiweruzo Ambuye sadzafunsa za mfunda wa wanjala uja. Adzafunsa ngati adapatsidwa chakudya.